Sheikh Zayed, Mlenje Amene Adaleka Mfuti

Pakati pa mzinda wa Dubai pamadutsa msewu waukulu wotchedwa Sheikh Zayed Road. Mbali zonse ziwiri za msewuwu kuli nyumba zosanja zonyezimira, ndipo chapafupi pali Burj Khalifa, nyumba yotalika mamita 828. Koma mwini dzina la msewuwu sadakulire m'nyumba zotere. Adakulira mumchenga, pakati pa ngamila ndi mitengo ya kanjedza.

Zayed bin Sultan Al Nahyan adabadwa cha m'ma 1918 m'dera la Abu Dhabi, lomwe lidachita malire ndi Dubai. Pa ana aamuna anayi a mfumu ya deralo, iye ndiye adali wamng'ono. Bambo ake atamwalira m'chaka cha 1926, mnyamatayu adakakhala ku Al Ain, mudzi wa akasupe umene uli m'kati mwa chipululu. Sukulu zonga za masiku ano kudalibe. Adangophunzira za chipembedzo cha Chisilamu, ndipo nzeru zina adazitola kwa a Bedouin, anthu oyendayenda ndi ziweto. Iwowa adamuphunzitsa kulondola mapazi a nyama, kudziwa pamene pali madzi, ndiponso kusaka ndi kabawi, mbalame yaliwiro imene Aluya amaiweta kuti iziwagwirira nyama zing'onozing'ono.

Zayed adalinso katswiri pa mfuti. Komabe ali ndi zaka pafupifupi 25 adaileka. Adaona kuti mfuti imatha nyama zambiri tsiku limodzi, pamene kabawi amagwira zochepa zokwanira ndiwo basi. Padalibe lamulo lomuletsa, ndipo mwana wa mfumu akadamudzudzula ndani? Adadziletsa yekha asadaletse wina aliyense.

M'chaka cha 1946 adasankhidwa kuti aziyang'anira dera la Al Ain. Kumeneko vuto lalikulu lidali madzi. Makolo akale adakumba ngalande za pansi pa nthaka zotchedwa falaj, zotenga madzi m'munsi mwa mapiri kupita nawo kuminda. Zambiri mwa ngalandezi zidali zitatsekeka ndi mchenga, ndipo madzi otsalawo ankapita kwa amene adali ndi chuma. Zayed adasonkhanitsa anthu kuti afukule ngalande zakalezo ndi kukumba yatsopano, iye mwini akugwira nawo ntchito. Kenaka adapempha eni madzi kuti agawireko anzawo, ndipo a banja lake ndiwo adayamba kupereka gawo lawo. Minda ya amphawi imene idauma idabiriwiranso.

Posakhalitsa m'dzikomo mudapezeka mafuta, ndipo Abu Dhabi adayamba kuwagulitsa kunja m'chaka cha 1962. Zayed adalowa ufumu pa 6 Ogasiti 1966. Patapita zaka ziwiri adakumana ndi mfumu ya Dubai, Sheikh Rashid bin Saeed Al Maktoum, m'hema m'chipululu, nagwirizana zomanga dziko limodzi. Dziko la United Arab Emirates lidabadwa pa 2 Disembala 1971, Zayed nakhala mtsogoleri wake woyamba.

Chuma cha mafuta chidadzetsa zabwino zambiri, koma kwa nyama chidadzetsa tsoka. Kale mlenje ankayenda pa ngamila, natopa, nabwerera. Tsopano kudadza magalimoto otha kuthamanga pamchenga pamodzi ndi mfuti zamphamvu. Nyama imene idazunzika koposa ndi oryx, yofananako ndi mphalapala, koma yoyera ndiponso ya nyanga zazitali zowongoka. Nyamayi imatha kukhala nthawi yaitali osamwa, chifukwa imapeza madzi m'mizu, m'udzu ndi m'mame. Ludzu lidailephera, koma galimoto siidailephere. M'chaka cha 1972 oryx zomaliza zoyenda mwaufulu zidaphedwa m'dziko loyandikana nalo la Oman.

Mwamwayi Zayed adali ataiona kale ngoziyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 adalamula kuti oryx zinayi, zazimuna ziwiri ndi zazikazi ziwiri, zigwidwe zamoyo kuti ziswane. M'chaka cha 1968 adatsegula malo osungirako nyama ku Al Ain. Pambuyo pake adapatula chilumba cha Sir Bani Yas kuti chikhale kwawo kwa nyama, nadzalitsapo mitengo yochuluka, ndipo adaletsa uzimba m'dera lake. Sadali yekha pa ntchitoyi. Anthu a m'mayiko ena nawonso adasunga kagulu ka oryx mumzinda wa Phoenix ku America, ndipo timagulu toteroti ndito tidapulumutsa mtundu wonse.

Akabawi nawo sadawaiwale. M'chaka cha 1976 adaitanitsa msonkhano wa mayiko ku Abu Dhabi wokambirana za kusaka ndi mbalamezi mosawononga chilengedwe. Kuyambira mu 1995 akabawi ambiri akhala akumasulidwa nyengo yosaka ikatha, kuti akaswane kumapiri a ku Asia. Patatha zaka ziwiri bungwe la WWF lidamupatsa mphoto ya Gold Panda.

Si zonse zimene adachita zidali zopanda chilema. Mitengo miyandamiyanda imene adadzalitsa imafuna kuthiriridwa, ndipo madzi ake ambiri amapopedwa pansi pa nthaka m'dziko limene mvula imagwa mwa apo ndi apo. Madzi apansiwo akhala akuchepa. N'chifukwa chake akatswiri a masiku ano amalimbikitsa mitengo yachilengedwe ya komweko monga ghaf, umene mizu yake imazama kwambiri kukafuna madzi wokha.

Sheikh Zayed adamwalira pa 2 Novembala 2004. Chaka chimodzi izi zisadachitike, boma la Dubai lidapatula dera la chipululu lokula masikweya kilomita 225 kuti likhale nkhalango yotetezedwa yotchedwa Dubai Desert Conservation Reserve. M'chaka cha 2011 bungwe la IUCN, lomwe limawerengera zamoyo zimene zili pangozi, lidalengeza kuti oryx zokhala kutchire zafika pafupifupi 1,000. Zina mwa mbadwa za nyama zopulumukazo zili m'dera lotetezedwa la Dubai lija, ulendo wa ola limodzi pa galimoto kuchokera pa msewu wa nyumba zonyezimira, ndipo dzuwa likaswa mtengo zimausa pamthunzi wa mitengo ya ghaf.