MOYO WA SATCHEL PAIGE, WOPONYA MPIRA WA KU AMERICA

Pa 8 June 1982, mu mzinda wa Kansas City m'dziko la America, munamwalira mkulu wina wa zaka 75, dzina lake Leroy Robert Paige, amene anthu a kumeneko ankamdziwa ndi dzina lakuti Satchel. Nchito yake inali kuponya mpira pa masewera ochedwa baseball, ndipo anaigwira zaka zoposa makumi anai, nayenda nayo m'matimu ambiri ndi m'maiko angapo. Anali munthu wakuda, wa mtundu umene makolo ake anatengedwa ukapolo ku Africa. Ndipo ngakhale odziwa masewerawo anabvomereza kuti omposa anali owerengeka, khomo la matimu akulu linamtsekukira atakalamba kale.

Masewera ake

Baseball sidziwika kweni-kweni kuno ku Malawi. Ifanana pang'ono ndi kriketi, imene Azungu a Boma ankasewera pa bwalo la Gymkhana Club ku Zomba masiku a utsamunda. Timu iri yonse ikhala ndi anthu asanu ndi anai m'bwalo. Pakati paima woponya. Patsogolo pake, mtunda wa mapazi 60 ndi theka, paima mdani wake atagwira cibonga, ndipo kumbuyo kwa mdaniyo kunyonyomala mnzake wa woponya, wowakha mpira. Pansi pali kambale koyera kosafika phazi limodzi ndi theka m'lifupi mwake, ndipo mpira uyenera kupita pamwamba pa kambaleko, pakati pa maondo ndi cifuwa ca womenya. Womenya akauphonya katatu watuluka. Koma woponya akasokeretsa kanai, womenya apita ku malo oyamba osabvutika. Akatuluka atatu matimu asinthana, ndipo masewera athunthu ali ndi ndime zisanu ndi zinai. Tsono nkhondo yonse itsamira pa woponya, pakuti dzanja lake likalephera anzake asanu ndi atatu angothamanga cabe.

Ubwana wake

Leroy anabadwa pa 7 July 1906 ku Mobile, mzinda wa pa doko m'cigawo ca Alabama. Atate wake, a John, ankalima m'madimba a maluwa a eni cuma, ndipo amai wake, a Lula, ankacapa zobvala za anthu. Ana anali ambiri m'nyumbamo ndipo cakudya cinali cosowa, kotero mnyamatayo anayamba nchito akali wamng'ono, kunyamula katundu wa aulendo pa siteshoni ya njanji. Amasimba kuti anakonza mtengo ndi zingwe kuti azisenza zikwama zambiri pa ulendo umodzi, ndipo anzake pomuseka anamucha Satchel, ndiko kuti cikwama pa Cingerezi.

Sukulu sanaikonde, ndipo mu July 1918, atangokwana zaka 12, anamgwira ataba tinthu m'sitolo. Woweruza anamtumiza ku sukulu yowongolera ana akuda opalamula ku Mount Meigs, kumene anakhala zaka zisanu ndi miyezi ina. Kumeneko aphunzitsi anaona kuti dzanja lozolowera kugenda miyala lingathe kuponya mpira. Anamphunzitsa kukweza mwendo pamwamba, kuponya ndi thupi lonse, ndi kupenyetsetsa maimidwe a womenya kuti adziwe pamene ali wofooka. Anatuluka mu December 1923, wamtali ndi woonda ngati bango, ali ndi nchito m'manja mwake.

Mpanda wa khungu

Masiku amenewo matimu akulu a ku America, a m'magulu awiri ochedwa National League ndi American League, sankalola munthu wakuda. Lamulo lolembedwa panalibe. Eni matimu anangopangana, nasunga panganolo zaka pafupi-fupi 60. Akulu a kuno amene anagulapo katundu pa zenera la sitolo, Azungu ndi kumalowa pakhomo, adziwa bwino mpanda wotere. Anthu akuda anadzipangira matimu ao-ao, ndipo mu 1920 Rube Foster anawasonkhanitsa ku Kansas City kukhala gulu limodzi, Negro National League. Malipiro anali ocepa ndi osadalirika. Osewera ankayenda usiku pa basi, nasewera masana, kawiri-kawiri masewera awiri tsiku limodzi. M'mizinda yambiri mahotela ankawakaniza pogona ndi podyera, kotero ankagona m'basi momwemo.

Umu ndimo analowa Paige. Anayamba ndi Mobile Tigers kwao, ndipo mu 1926 anapita ku timu ya ku Chattanooga, imene inapangana ndi amai wake kuti gawo lalikulu la malipiro lizitumizidwa kunyumba. Kuyambira 1927 kufikira 1930 anali ndi Birmingham Black Barons. Anapitako ku Cuba, naponyerakonso Baltimore Black Sox ndi Cleveland Cubs, kufikira anafika ku Pittsburgh Crawfords, timu ya Gus Greenlee. Kumeneko womuwakhira mpira anali Josh Gibson, womenya woopsa koposa onse a m'matimu akuda, ndipo anthu ankadzaza mabwalo kudzaona awiriwa.

Mpira wake unali wa liwiro lalikulu, koma cimene cinazizwitsa anthu koposa ndico kulunjika kwake. Pokonzekera masewera ankaika kapepala ka switi pansi m'malo mwa kambale, napititsa mpira pamwamba pake kambiri-mbiri. Ankadziwanso kukondweretsa khamu: nthawi zina ankaitana anzake a kunja kwa bwalo kuti akhale pansi, natulutsa omenya iye yekha. Pa nyengo yopuma matimu a Azungu ankasewera ndi akuda pofuna ndalama, ndipo mu 1934 Paige anapikisana ndi Dizzy Dean, woponya wochuka wa St. Louis Cardinals, amene pambuyo pake anamtama poyera. Mu 1935 anasewera ku Bismarck, North Dakota, m'timu ya akuda ndi Azungu pamodzi, natenga nayo cikho ca dziko ca matimu ang'ono ku Wichita.

Kusakhazikika kwake

Mbiri yoona siibisa cilema ca mwini wake. Paige sanali munthu wosunga pangano. Ankasaina kalata ndi timu ina lero, mawa ndi kumveka ali ku timu yolipira koposa. Ankacedwa ku masewera, ndipo tsiku lina osafika konse. Ena amamcepetsera mlandu ponena kuti eni matimu naonso ankambwereketsa kwa ena monga ng'ombe ya pa goli, iwo ndi kutenga phindu. Ndipo ndi zoona kuti munthu wopanda penshoni ayenera kukolola dzuwa likali pamutu. Komabe anzake ambiri anapwetekedwa ndi khalidwe limeneli. Moyo wake unafanana ndi wa machona a kuno amene anacoka ku Salisbury kunka ku Bulawayo ndi ku Joni, kutsata kumene ndalama zamveka.

Mu 1937 anasiya Crawfords natenga anzake angapo kunka ku Dominican Republic, kukasewerera timu ya mzinda wa Ciudad Trujillo. Timuyo inali yokuza dzina la Rafael Trujillo, wolamula wankhanza amene caka comweco anaphetsa anthu zikwi-zikwi a ku Haiti okhala m'malire. Anapambana cikho, koma Crawfords, italandidwa akatswiri ake, sinadzukenso. Mu 1938 Greenlee anagulitsa Paige ku Newark Eagles. Iye anakana kupitako, nathawira ku Mexico.

Dzanja lifa, liukanso

Ku Mexico kunamgwera tsoka. Phewa la dzanja lake lamanja linayamba kuwawa, kufikira sanathe kulikweza ngakhale kubvala malaya. Anali ndi zaka 32, ndipo eni matimu amene anawanyenga kale sanamfunenso. Amene anamcitira cifundo ndiye J. L. Wilkinson, Mzungu mwini Kansas City Monarchs. Anamuika m'timu yake yaciwiri yoyendayenda m'midzi, kuti dzina lake lokha liziitana anthu. Munthu amene anadzaza mabwalo a m'mizinda tsopano ankaponya pang'ono-pang'ono pamaso pa alimi, naphunzira kunyenga womenya ndi mipira yokhota ndi yocedwa, popeza liwiro linatha.

Mu 1939, atalisisita ndi kulithowa miyezi yambiri, dzanja lija linacira. Pa nyengo yotsatira, ku Guayama m'cisumbu ca Puerto Rico, anapambana masewera 19 nagonja 3 okha. Anabwerera ku Monarchs ali ndi liwiro lakale pamodzi ndi nzeru zimene anaphunzira m'masiku a kufooka, ndipo anakhala nayo timuyi kufikira 1947, kuposa timu ina iri yonse. Mu 1942 Monarchs inagonjetsa Homestead Grays, timu ya Josh Gibson, masewera anai otsatana pa mpikisano wotsiriza wa matimu akuda, ndipo Paige anaponya m'masewera onse anai.

Khomo litsekuka

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mpanda uja unayamba kugwa. Branch Rickey wa Brooklyn Dodgers anasankha Jackie Robinson, mnyamata wophunzira amene anasewera ndi Paige ku Monarchs mu 1945, ndipo pa 15 April 1947 Robinson analowa m'bwalo la matimu akulu. Paige anamva kuwawa mu mtima, pakuti amene anatema thengo zaka makumi awiri anaona wina alikudya zoyamba kuca. Josh Gibson sanaone ngakhale tsikulo: anamwalira mu January caka comweco ali ndi zaka 35.

Pa 7 July 1948, tsiku limene anakwana zaka 42, Bill Veeck mwini Cleveland Indians anamlemba nchito. Nyuzipepala ina yaikulu ya zamasewera inanyoza kuti Veeck afuna kungoonetsa nkhalamba kuti apeze ndalama. Paige anayankha ndi dzanja. Analowa koyamba pa 9 July, woponya wakuda woyamba mu American League. Pa 13 August anaponya ndime zonse zisanu ndi zinai ku Chicago, White Sox osapeza kanthu. Ndipo pa 20 August anabwerezanso zomwezo ku Cleveland pamaso pa anthu 78,382. Kaponyedwe kake kena, koima pang'ono phazi litaponda kale pansi, kanasokoneza omenya kotero kuti mkulu wa American League anakaletsa. Caka cimeneco anapambana masewera 6 nagonja amodzi okha. Cleveland inatenga cikho ca World Series, ndipo iye anakhala munthu wakuda woyamba kuponya pa mpikisano umenewo.

Veeck atagulitsa timu kumapeto kwa 1949 Paige anacotsedwa, koma Veeck atagula St. Louis Browns mu 1951 anamuitananso. Mu 1952, ali ndi zaka 46, anapambana masewera 12 m'timu yofooka, ndipo anasankhidwa pakati pa akatswiri a American League caka cimeneco ndi cotsatira. Pambuyo pake anatsikira ku matimu ang'ono, monga Miami Marlins kuyambira 1956 kufikira 1958, napitiriza kuyenda m'midzi, cifukwa iye ndi mkazi wake Lahoma, amene anamkwatira mu 1947, anali ndi ana ofuna kudya ndi kuphunzira.

Masiku otsiriza

Pa 25 September 1965 Charles Finley, mwini Kansas City Athletics, anamlemba kwa tsiku limodzi. Anamkhazika pa mpando wogwedezeka wa nkhalamba pambali pa bwalo, namwino ali kumdzoza mankhwala pa dzanja, kuti anthu aseke. Koma mkulu wa zaka 59 uja ataimirira anaponya ndime zitatu, Boston Red Sox osapeza kanthu. Carl Yastrzemski yekha ndiye anamenya mpira wake bwino. Palibe wina wamkulu cotero anaponyapo m'matimu akulu.

Popeza analoledwa mocedwa, anaperewera masiku 158 kuti alandire penshoni, ndipo mu 1968 Atlanta Braves inamlemba m'buku lake kuti masikuwo akwanire. Panatsala nkhani ya Hall of Fame, nyumba ya ku Cooperstown yosungira maina a akatswiri. Mu 1966 Ted Williams, womenya wochuka Wacizungu, polandira ulemu wake anapempha kuti Paige ndi Gibson asaiwalike. Akulu anabvomera mu 1971, koma anafuna kuika maina a matimu akuda pa malo ao-ao. Anthu anakwiya poona kuti mpanda wakale ulikumangidwanso, ndipo maganizowo anasinthidwa. Pa 9 August 1971 Paige analandiridwa mofanana ndi ena onse, woyamba kusankhidwa cifukwa ca nchito ya m'matimu akuda.

Anamwalira ndi nthenda ya mtima, naikidwa m'manda a Forest Hill ku Kansas City. M'mabuku a matimu akulu munalembedwa kuti anapambana masewera 28 nagonja 31, ciwerengero ca munthu wamba, popeza zaka zake za mphamvu zinathera kunja kwa mpanda, kumene alembi anali osowa. Mu December 2020, patapita zaka 38 cimwalirire iye, akulu a baseball analengeza kuti magulu a matimu akuda a zaka za 1920 kufikira 1948 awerengedwe monga magulu akulu, ndipo mu 2024 nchito za Paige, za Gibson ndi za anzao zinalowa m'buku limodzi ndi za Azungu amene anakanizidwa kusewera nao.