Mai Maria Montessori, Dokotala Amene Adaphunzira kwa Ana

Munthu woyenda m'mamawa m'tinjira ta ku Chikanda, nkhungu isanachoke pa phiri la Zomba, salephera kukumana ndi amai atagwira padzanja kamwana ka zaka zitatu kapena zinai, ulendo wa ku sukulu ya mkaka. Pakhomo pa sukulu mpamene pamabuka mlandu: mwana wakakamira chitenje cha amake, misozi ili chuchuchu, ndipo amai, pofulumira kumsika, amamkanganula nachoka msanga. Ambirife timayesa zimenezi zachibwana. Koma padali mai wina wa ku Italy amene adasiya ntchito ya udokotala kuti apenyetsetse zaka zoyambazi moyo wake wonse, ndiye Maria Montessori.

Adabadwa pa 31 August 1870 m'kamzinda ka Chiaravalle, pafupi ndi Ancona. Atate ake, a Alessandro, adali wantchito wa boma woyang'anira za chuma, munthu wogwiritsa miyambo yakale. Amake, a Renilde Stoppani, adali okonda kuwerenga, ndipo ndiwo ankamlimbitsa mtima. Banja lidasamukira ku Roma iye akali wamng'ono. Masiku amenewo mtsikana wanzeru ankayembekezeka kukhala mphunzitsi, koma Maria adaikana njirayo. Adalowa sukulu ya zaumisiri, m'mene mudadzaza anyamata, kenaka nafuna udokotala, atate ake osakondwa nazo konse. Ku Yunivesite ya Roma kudali koletsedwa kuti mkazi ang'ambe mtembo pamodzi ndi amuna, choncho ankatsala yekha madzulo m'chipinda cha mitembo, anzake atapita. Adapirira, ndipo mu 1896 adalandira udokotala, mmodzi mwa akazi oyamba a dziko lake kufika pamenepo.

Ntchito yake idamfikitsa m'nyumba zosungira amisala za mu Roma, m'mene ankatsekeramo ngakhale ana ochedwa nzeru. Tsiku lina mai wowayang'anira adawanyoza kuti ngadyera, popeza akatha kudya ankagwa pansi kutola nyenyeswa za buledi. Dokotala adayang'ana chipinda chija, naona kuti mudalibe kanthu kalikonse kogwira, ngakhale kamwala. Adazindikira kuti njala ya anawo idali ya manja ndi ya nzeru. Pamenepo adayamba kuwerenga mabuku a madokotala awiri a ku France, Jean Itard ndi Édouard Séguin, amene adaphunzitsa ana otere podzera m'zala, m'maso ndi m'makutu. Mu 1900 adakhala mmodzi wa atsogoleri a sukulu ya ana ochedwa nzeru, ndipo ena mwa iwo adapambana mayeso a boma pamodzi ndi ana ena onse. Anthu adaomba m'manja, koma iye adavutika mumtima: ngati ana ake odwala adafika pa msinkhu wa ana alunga, nchiani tsono chinkapondereza ana alungawo m'sukulu zao?

Pali chinthu china chimene sitingabise. Mu 1898 adabala mwana wamwamuna, Mario, kunja kwa ukwati, ndipo mwanayo adakaleredwa ndi banja lina kumudzi. Mai amene adadzaphunzitsa dziko lonse kuleredwa kwa ana sadalere wake. Adamtenga ali kale mnyamata, ndipo Mario ndiye adadzakhala dzanja lake lamanja kufikira imfa. Kuweruza tikusiyira Mwini mitima.

Ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mu Roma, kampani ina idakonzanso nyumba zakale niikamo mabanja a anthu aganyu. Makolo akapita kuntchito, ana ankatsala okha, nalemba m'zipupa ndi kuononga makwerero. Eni nyumba adaona kuti kusonkhanitsa anawo m'chipinda chimodzi nkotsika mtengo kuposa kukonza zipupa chaka ndi chaka, ndipo adapempha Dokotala Montessori kuti ayang'anire. Pa 6 January 1907, tsiku la Epifania, adatsegula Casa dei Bambini, ndiye kuti Nyumba ya Ana. Adalowa ana oposa makumi asanu, amantha ndi olira, onga athu a pakhomo pa sukulu aja.

Sadayambe ndi kuwaphunzitsa zilembo ai. Adachotsa mabenchi olemera naikamo timipando ndi timatebulo timene mwana angathe kunyamula yekha, ndi makabati afupi oti afikepo popanda kupempha wamkulu. Adawaonetsa kusamba m'manja, kumanga mabatani, kusesa, kuthira madzi osataya. Tsiku lina adawaphunzitsa kumina bwino ndi kampango; atatha, ana adaomba m'manja kwa nthawi yaitali, ndipo iye adamvetsa chifukwa chake: moyo wao wonse ankangokalipiridwa za mamina, koma padalibe munthu adawaonetsapo machitidwe ake. Adaonanso kamtsikana ka zaka zitatu kakulowetsa timitengo tobulungira m'maenje a thabwa, kalikonse m'dzenje lake, nikabwereza koposa makumi anai, osatembenuka ngakhale pamene anzake adayamba kuimba. Katatha, nkhope yake idali yowala ngati ya munthu wodzuka kutulo tabwino.

Zilembo zidabwera pambuyo. Adazidula pa pepala lokhakhala la akalipentala, ana nkumazisisita ndi chala akutchula liwu lake. Mu December chaka chomwecho, ali nao pamwamba pa nyumba, mnyamata wa zaka zisanu adatenga choko nalemba pansi liwu lotanthauza dzanja, anzake namtsata, ndipo adalemba paliponse, ngakhale kunyumba kwao.

Makolo nawonso adali ndi gawo lao. Sankalipira kanthu, koma malamulo a nyumbayo adati mwana afike pa nthawi yake, wosamba ndi wovala zoyera, ndipo amai adapatsidwa mpata wokambirana ndi mphunzitsi sabata iliyonse za moyo wa mwana kunyumba. Apa ndimakumbukira agogo athu, amene sadamve dzina la Montessori, koma ankapatsa mtsikana kamtondo ndi kamtsuko kake, mnyamata kakhasu kake. Ife lero timakondwa mwana wa zaka zitatu akaloweza zilembo za Chingerezi ngati chinkhwe, pamene sadziwa kuvula yekha popita kuchimbudzi, ndipo sadagonepo tsiku limodzi osaona amake. Mwana wotere akalira pakhomo pa sukulu, sindiona cholakwa chake.

Buku lake lofotokoza njirayi lidatuluka mu 1909, nilimasuliridwa m'Chingerezi mu 1912, ndipo sukulu zotere zidafalikira m'maiko ambiri. Asisitere a Chifransisko ku Roma adatsegula yao, momwe adalandiramo ana amasiye a chivomezi cha ku Messina cha 1908. Ku Barcelona adayesa njira yomweyo pa chipembedzo, ndi kachipinda kopemphereramo ka msinkhu wa ana, ndipo pambuyo pake adalemba kabuku kolongosolera ana Misa.

Otsutsa sadasowe. Mphunzitsi wa ku America, William Kilpatrick, adalemba mu 1914 kuti nzeru zake nzachikale, ndipo mbiri yake kumeneko idazilala kwa zaka zambiri. Ena adadandaula kuti salola munthu kusintha kanthu m'njira yake, ndipo m'menemo mudali choona. Chondipweteka ine nchakuti sukulu zambiri zotchedwa dzina lake zidasanduka za olemera, pamene yoyamba idali ya ana a anthu aganyu.

Mussolini poyamba adamthandiza, koma boma lofuna ana omvera ngati asilikali silikadagwirizana ndi mai wophunzitsa mwana kusankha yekha ntchito. Adachoka ku Italy mu 1934, ndipo sukulu zake kumeneko zidatsekedwa. Nkhondo ya ku Spain idamthamangitsanso mu 1936, nakakhala ku Holland. Mu 1939 adapita ku India kukaphunzitsa aphunzitsi. Italy italowa nkhondo mu 1940, Angerezi adatsekera Mario, koma adambwezera kwa amake pa tsiku lokumbukira kuti akwanitsa zaka 70. Adabwerera ku Ulaya mu 1946, ndipo katatu dzina lake lidaperekedwa kuti alandire mphotho ya mtendere ya Nobel, ngakhale sadailandire.

Olemba mbiri yake amasimba kuti m'masiku ake otsiriza ankalingalira zobwera kuno ku Africa. Adamwalira pa 6 May 1952 ku Noordwijk, m'mbali mwa nyanja ku Holland, ali ndi zaka 81, ndipo adaikidwa m'manda a Akatolika a komweko.