Alexander Whyte ndi Mkungudza wa Phiri la Mulanje

Boti lakale la matabwa a mkungudza limadziwika ndi fungo: mukapala pang'ono, limanunkhirabe. Wofufuza kumene matabwawo anachokera amafika paphiri lathuli, ndipo m'mabuku amakumana ndi Alexander Whyte.

Whyte anabadwira ku Scotland mu 1834. Atagwira ntchito ku Ceylon, anafika m'dziko muno mu 1891 pamodzi ndi Harry Johnston monga katswiri wa zomera, nakwera phiri la Mulanje chaka chomwecho. Nthambi zimene anatumiza ku London zinachititsa kuti mu 1894 mtengowu utchedwe Widdringtonia whytei, ngakhale kuti eni dera anali ataudziwa kalekale. Macheka sanachedwe kumutsatira: mkungudza unatsika kukamanga nyumba za boma, kenaka maboti a kunyanja. Whyte anamwalira mu 1908, nkhalango zimene lero zasanduka zitsa zikadali chiimire.