Mumdziwe Benjamin Graham

Anzathu a mu kilabu, musanathamangire masheya a kampani ya zamakompyuta poti chaka chino yapha makwacha, mumdziwe kaye mkuluyu. Benjamin Graham anabadwira ku London mu 1894, nakulira ku New York. Msika wa masheya utagwa mu 1929, ndalama zambiri zomwe ankayendetsa zinalowa m'madzi. Mu 1934, iye ndi David Dodd analemba buku la Security Analysis, kulangiza kuti mtengo wa sheya uziyerekezedwa ndi avareji ya phindu la zaka 5 mpaka 10, osati chaka chimodzi chokha. Robert Shiller anadzawonjezerapo kuwerengera kukwera mitengo kwa zinthu. Graham anamwalira mu 1976 ku France. Ndiye kampani ikamatchuka pafoni panupo, funsani kaye kuti pa zaka 10 zapitazi yapindula zingati.