James Dean: Adafa ali ndi zaka 24, galimoto yake siidapezeke mpaka lero

Munthu wochenjera akafuna kugula galimoto yogwirapo kale ntchito ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, sakhutira ndi mawu okoma a wogulitsa. Amabwera ndi makaniko wake, n'kutsekula boneti, kupukuta girizi pa nambala ya injini ndi ya chesesi, kenaka n'kuyerekeza ndi zomwe zalembedwa m'bulu buku. Nambala zikasiyana, malonda athera pomwepo.

Nawo anthu achuma a maiko akunja omwe amagula galimoto zamakedzana pa okushoni amachita chimodzimodzi, makamaka akamva kuti galimotoyo idali ya munthu wotchuka. Imodzi mwa galimoto zomwe zawazunguza mitu kwa zaka zambiri ndi Porsche 550 Spyder ya James Dean, katswiri wa mafilimu wa ku America yemwe adafera m'galimoto yomweyo m'chaka cha 1955.

James Byron Dean adabadwa pa 8 February 1931 m'tauni ya Marion, m'chigawo cha Indiana. Bambo ake, Winton, ankagwira ntchito yokonza mano oikirira, ndipo ntchitoyo idasamutsira banjali ku Santa Monica, m'chigawo cha California.

Tsoka lidamugwera m'chaka cha 1940 pomwe mayi ake, Mildred, adamwalira ndi matenda a khansa. Apo n'kuti James ali ndi zaka 9. Bambo ake adamutumiza kwa azakhali ake, Ortense Winslow, omwe ankakhala ndi amuna awo pafamu ina ku Fairmount, ku Indiana komweko. Kumeneko ndiko adakulira, ndipo ndiko adayamba kukonda zisudzo komanso njinga zamoto.

Atamaliza sekondale m'chaka cha 1949, adabwerera ku California komwe adayamba maphunziro okonzekera zamalamulo pa Santa Monica College. Koma mtima wake sudali kumeneko. Adasinthira ku yunivesite ya UCLA kukaphunzira zisudzo, ndipo pofika 1951 sukulu adaisiyira panjira kuti azikasaka mwayi wa m'mafilimu.

Zinthu sizidayende msanga. Adaonekako m'kanema wotsatsa malonda a Pepsi, ndipo kuti apeze ya chakudya adagwirapo ganyu yoimika galimoto za mabwana pa kampani ya CBS. Chakumapeto kwa 1951 adapita ku New York komwe adalowa sukulu yotchuka ya zisudzo ya Actors Studio.

Mwayi udamutsekukira pomwe mkulu wokonza mafilimu, Elia Kazan, adamusankha kuti akhale Cal Trask mufilimu ya East of Eden, yochokera m'buku la John Steinbeck. Mufilimuyo, Dean adasewera ngati mnyamata wofunitsitsa chikondi cha bambo ake omwe ankakondera mbale wake. Itatuluka kumayambiriro kwa 1955, dzina lake lidamveka paliponse. Chaka chomwecho adajambulanso mafilimu ena awiri, Rebel Without a Cause ndi Giant, momwe adasewera limodzi ndi Elizabeth Taylor komanso Rock Hudson.

Ndalama zitayamba kubwera, mnyamatayu adazilowetsa ku chinthu chomwe ankachikonda kwambiri: liwiro. Adagula Porsche 356 Speedster ndipo mu March 1955 adapambana mpikisano wa oyamba kumene ku Palm Springs. Poopa kutaya munthu wowabweretsera ndalama, akuluakulu a kampani ya Warner Bros adamuletsa kuchita nawo mipikisano kufikira atamaliza kujambula Giant.

Chiletsocho chitangotha, pa 21 September 1955 Dean adasinthitsa Speedster ija ndi Porsche 550 Spyder, kagalimoto kakafupi, kopepuka, kopanda denga, kopangidwira mpikisano. Galimoto za mtunduwu zidapangidwa pafupifupi 90 zokha. Yakeyo idali ya nambala ya chesesi 550-0055, ndipo adailembetsa nambala 130 kutsogolo, m'zitseko ndi kumbuyo.

Adakhala nayo masiku 9 okha.

Pa 30 September adanyamuka ku Los Angeles kupita ku mpikisano wa ku Salinas. Poyamba adakonza zoinyamula pa ngolo, koma makaniko wake wa ku Germany, Rolf Wütherich, adamulangiza kuti aiyendetse yekha kuti injini yatsopanoyo izolowere. Awiriwo adakwera limodzi.

Cha m'ma 3:30 masana, wapolisi wa pamsewu adamuimitsa kufupi ndi Bakersfield n'kumulembera mlandu wothamanga mamailosi 65 pa ola pamalo pomwe malire adali 55. Patangotha maola awiri, cha m'ma 5:45 madzulo, pamphambano ina kufupi ndi Cholame, galimoto ya mtundu wa Ford yomwe inkayendetsedwa ndi mnyamata wa pakoleji wa zaka 23 idakhotera kumanzere, kudutsa kutsogolo kwake. Ziwirizo zidawombana.

Wütherich adaponyedwa kunja ndipo adathyoka chibwano ndi mwendo, koma adapulumuka. Dean adathyoka khosi, ndipo pomwe ankafika naye kuchipatala cha Paso Robles n'kuti atatsirizika. Bwalo lofufuza za imfayo lidagamula kuti idali ngozi chabe. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mbuyomo adali atajambulitsa uthenga wa pakanema wochenjeza achinyamata za kuopsa kothamangitsa galimoto pamsewu.

Adaikidwa m'manda ku Fairmount pa 8 October. Mwa mafilimu ake atatu akuluakulu, iye adangoona imodzi yokha itatuluka. Rebel Without a Cause idatuluka patatha pafupifupi mwezi chimwalirireni, pomwe Giant idatuluka mu 1956. Kawiri konse dzina lake lidalowa pamndandanda wa opikisanirana mphotho ya Oscar mwini wake ali kale m'manda.

Moyo wa Dean udathera pamenepo, koma nkhani ya galimoto yake idali itangoyamba.

Kampani ya inshulansi idalipira bambo ake n'kugulitsa chiphapha cha galimotoyo kwa dokotala wina wa ku Burbank yemwe ankachita nawo mipikisano. Dokotalayo adachotsa injini n'kuiika m'galimoto yake ya mtundu wa Lotus, ndipo zipangizo zina adabwereka dokotala mnzake. Mu October 1956, pampikisano wa ku Pomona, onse awiri adachita ngozi. Mnzakeyo adawomba mtengo n'kufera pomwepo. Apa ndipo padayambira mphekesera yoti galimoto ya Dean ili ndi tsoka.

Chiphapha chotsalacho chidagwa m'manja mwa George Barris, mkulu wodziwika ndi ntchito yokongoletsa galimoto za m'mafilimu ku Hollywood. Iyeyu ankayenda nacho m'zionetsero zophunzitsa anthu kupewa ngozi, uku akufotokoza zoti chidagwerapo makaniko n'kumuthyola miyendo, komanso kuti chidapha dalaivala wa lole yomwe idachinyamula. Kenaka adalengeza kuti m'chaka cha 1960 chidasowa panjira pochokera kuchionetsero ku Miami, ngakhale chidali chotsekeredwa.

Akadaulo ambiri sadakhutire nazo. Lee Raskin, yemwe adafufuza ndi kulemba mabuku okhudza galimoto za Dean, adapeza kuti zambiri mwa nthano za tsokazo zidalibe umboni ndipo gwero lake lidali Barris yemweyo, munthu yemwe ankapindula anthu akamakhamukira kudzaona chiphaphacho. Barris adamwalira mu 2015 galimotoyo isadaoneke.

M'chaka cha 2005, pokumbukira kuti patha zaka 50 chichitikireni ngoziyo, nyumba yosungirako galimoto zakale ya Volo Auto Museum ku Illinois idalonjeza madola 1 miliyoni kwa aliyense yemwe angabweretse galimoto yeniyeniyo. Patatha zaka 10, bambo wina wa m'chigawo cha Washington adatulukira n'kunena kuti ali mwana wa zaka 6 adaona bambo ake ndi anzawo akuibisa kuseri kwa khoma la nyumba ina. Ngakhale makina oyezera bodza sadamutsutse, palibe chitsulo n'chimodzi chomwe chomwe chidatuluka, ndipo ndalama zija sizidaperekedwe.

N'chifukwa chake ogula zinthu zakale amayamba akayika kaye akamva kuti chitseko, tayala kapena kachitsulo kena kadachokera pa galimoto ya Dean. Nthano yokoma imakweza mtengo, ndipo pomwe pali ndalama zambiri atambwali sasowa.

Chinthu chomwe chidapirira mafunso awo ndi giyabokosi. Mu May 2021 idagulitsidwa pa okushoni ya pa intaneti ya Bring a Trailer pamtengo wa madola 382,000. Idafika pamtengo umenewo chifukwa pachitsulocho padali podindidwa nambala 10046, yomwe idagwirizana ndi zolembedwa za kampani ya Porsche zokhudza galimoto ya chesesi 550-0055. Adaigula ndi Zak Bagans, mwini nyumba yoonetsera zinthu zodabwitsa ku Las Vegas.

Ku Fairmount, anthu amakhamukirabe kumanda ake chaka ndi chaka, moti mwala wa pamandapo udabedwapo koposa kamodzi. Mphambano ya ku Cholame idapatsidwa dzina lake mu 2005. Naye Wütherich, makaniko yemwe adapulumuka tsiku lija, adadzafa pangozi ina ya galimoto kwawo ku Germany m'chaka cha 1981.

Tsiku lomwe Dean adabadwa, ola lomwe wapolisi adamuimitsa ndiponso malo omwe adafera, zonse zidalembedwa ndipo palibe amatsutsa. Koma za galimoto yomwe adakhala nayo masiku 9, aliyense ali ndi nthano yake. Yemwe adzanene kuti waipeza adzafunsidwa funso lomwe makaniko wa ku Old Town amayamba nalo asadalize n'komwe injini: nambala ya chesesi ili pati, nanga mapepala ake ali kuti?