Augustus

Augustus (23 Seputembala 63 BC – 19 Ogasiti AD 14) anali mfumu yoyamba ya Ufumu wa Roma. Analamulira kuyambira mu 27 BC mpaka imfa yake. Amadziwika chifukwa chothetsa nkhondo zapachiweniweni ndi kukhazikitsa nyengo ya bata yotchedwa Pax Romana, imene inatha zaka pafupifupi 200. Ndiye Kaisara wotchulidwa pa Luka 2:1, pa nkhani ya kalembera wa nthawi imene Yesu anabadwa.

Ubwana wake

Anabadwira mumzinda wa Roma ndipo dzina lake linali Gaius Octavius. Bambo ake anamwalira mu 59 BC. Mayi ake, Atia, anali mwana wa Julia, mlongo wake wa Julius Caesar. Caesar ataphedwa pa 15 Marichi 44 BC, zinadziwika kuti anasankha Octavius, yemwe anali ndi zaka 18, kukhala mwana wake ndi wolowa m'malo mwake.

Kulimbirana ulamuliro

Mu 43 BC anagwirizana ndi Mark Antony ndi Lepidus kuti alamulire atatu. Anaphetsa adani awo ambiri ndi kulanda chuma chawo, ndipo m'modzi mwa ophedwawo anali Cicero. Mu 42 BC anagonjetsa Brutus ndi Cassius ku Philippi. Mgwirizanowo utasokonekera, zombo zake zinagonjetsa Antony ndi Cleopatra ku Actium mu 31 BC. Chaka chotsatira awiriwo anadzipha, ndipo dziko la Egypt linakhala m'manja mwa Roma.

Zimene zinamuthandiza kulamulira bwino

Choyamba chinali kudekha. Iye anaona kuti Caesar anaphedwa chifukwa chooneka ngati akufuna ufumu, chinthu chimene Aroma ankadana nacho. Choncho sanalole kutchedwa mfumu, koma princeps, kutanthauza nzika yoyamba. Mu 27 BC analengeza kuti wabwezera mphamvu ku nyumba ya malamulo ya Senate, imene inamupatsa dzina laulemu loti Augustus. Komabe zigawo zimene munali asilikali ambiri zinatsala m'manja mwake, moti mphamvu zenizeni zinali kwa iye.

Chachiwiri, ankadziwa kusankha anthu. Popeza analibe luso kwenikweni pa nkhondo, anadalira mnzake wapaubwana, Marcus Agrippa, yemwe anatsogolera zombo ku Actium ndiponso anamanga ngalande ya madzi ya Aqua Virgo mu 19 BC. Mlangizi wake Maecenas ankathandiza alakatuli monga Virgil ndi Horace, amene zolemba zawo zinakweza mbiri ya boma latsopanolo.

Chachitatu, anakonza dongosolo la asilikali. Kale asilikali ankadalira akazembe awo kuti awapatse malo ndi ndalama, ndipo izi ndizo zinkautsa nkhondo. Augustus anachepetsa magulu ankhondo kufika pa 28, ndipo mu AD 6 anakhazikitsa thumba lolipirira asilikali opuma, limene ndalama zake zina zinkachokera ku msonkho wa 5 peresenti pa chuma chamasiye. Chaka chomwecho anayambitsa gulu la ozimitsa moto mumzinda wa Roma.

Ankadziwanso nthawi yokambirana m'malo momenyana. Mu 20 BC, popanda kukhetsa magazi, anachititsa ufumu wa Parthia kubweza zizindikiro za asilikali a Roma zimene zinalandidwa ku Carrhae mu 53 BC.

Zolephera zake

Mu AD 9 magulu atatu ankhondo otsogozedwa ndi Varus anathera mu nkhalango ya Teutoburg, ndipo Roma inasiya kulamulira dera la kum'mawa kwa mtsinje wa Rhine. Augustus analinso wouma mtima kwa omulakwira: anapirikitsira kutali mwana wake Julia mu 2 BC ndi mlakatuli Ovid mu AD 8.

Imfa yake

Analibe mwana wamwamuna, ndipo adzukulu ake Gaius ndi Lucius, amene ankafuna kuti adzalowe m'malo mwake, anamwalira ali anyamata. Iye anamwalirira ku Nola ali ndi zaka 75, ndipo Tiberius, mwana wa mkazi wake Livia, analowa ufumu popanda nkhondo. Mwezi wa Ogasiti unatengera dzina lake.