Christopher Wren, Mmisiri wa Nyumba za Mulungu

Mu mzinda wa London, ku Mangalande, muli bwinja la tchalitchi lopanda denga, dzina lake Christ Church Greyfriars. Nsanja yake ikali chiimire pamodzi ndi zipupa zina, koma paja panali mipando pamera maluwa. Anthu ofuna kudziwa maonekedwe a m'kati mwake amanka nafunafuna zithunzi zakale m'nyumba zosungiramo mabuku, pakuti palibenso njira ina yoonera. Mwezi uno tikuuzeni, owerenga athu, mbiri ya munthu amene anamanga nyumbayo.

Christopher Wren anabadwa m'chaka cha 1632 m'mudzi wa East Knoyle, ndipo atate wake anali mbusa. Akali mnyamata m'dzikomo munabuka nkhondo ya pachiweniweni, anthu a mfumu kulimbana ndi anthu a nyumba ya malamulo. Banja lake linali mbali ya mfumu, nilisauka chifukwa cha ichi. Nyumba yawo ku Windsor inafunkhidwa, ndipo mbale wa atate wake, bishopu wa ku Ely, anagona m'ndende zaka 18. Koma mnyamatayo anapita ku sukulu yaikulu ya Oxford, nakonda masamu ndi kayendedwe ka nyenyezi, kotero kuti m'chaka cha 1657 anamuika mphunzitsi wa za nyenyezi mu London. Umisiri sanauphunzire pa dzanja la mmisiri wina monga achitira ana athu. Anautola m'mabuku, ndi poyang'anitsa nyumba za ku Paris pamene anapitako mu 1665.

Tsono pa 2 Septembala 1666 moto unabuka usiku m'nyumba ya wophika mkate mu Pudding Lane. Nyumba zambiri zinali za matabwa, zothithikana, ndi mphepo inali yaikulu. Motowo unayaka masiku anai, nutentha nyumba zoposa 13,000 ndi matchalitchi 87, ndiponso tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Phulusa lisanazirale, Wren anapereka kwa mfumu Charles II chithunzi cha mzinda watsopano wa miseu yotakata. Sichinatheke, pakuti mwini malo aliyense anafuna kubwerera msanga pa bwinja lake. Koma mu 1669 mfumu inamuika woyang'anira zomanga zake zonse, ndipo ntchito ya matchalitchi inagwera iye. Ndalama zake zinachokera ku msonkho wa malasha olowa mu mzinda.

Anamanganso matchalitchi 51. Sitinena kuti onsewa anawalemba ndi dzanja lake yekha, iai. Anali nao omuthandiza anzeru, makamaka Robert Hooke ndi Nicholas Hawksmoor, amene anthu awaiwala kawirikawiri. Malo ambiri anali opapatiza ndi okhotakhota, opanikizika pakati pa nyumba za malonda, ndipo pamenepa ndi pamene nzeru yake inaoneka. Chimene anachisamala koposa ndi ichi, kuti munthu aliyense wolowa m'nyumba ya Mulungu, ngakhale wokhala kumbuyo, amve mawu a mlaliki ndi kumuona nkhope. Chifukwa chake sanakonde nyumba zazitali zamdima. Anaika mazenera aakulu a galasi loyera, nachepetsa nsanamira zotchinga maso. Inu amene munaumbapo njerwa za tchalitchi cha kwanu mudziwa kuti kumva kuposa kukongola.

St Paul's anayamba kumanga mu 1675, ndipo ntchitoyo inamudyera zaka 35. Denga lake ndi lobulungira ngati mphika wovundikira, ndi mtanda wa pamwamba pake uli mapazi 365 kuchokera pansi. Malipiro ake pa ntchitoyi anali mapaundi 200 pa chaka. Akuluakulu a dziko, poganiza kuti achedwetsa dala, anamulanda theka lake kuyambira 1697, nambwezera mu 1711. Tiyesa kuti sanamchitire bwino. Zisoni za kwao nazo sizinamlambalale: mkazi wake woyamba anamwalira ndi nthomba mu 1675, wachiwiri namwalira mu 1680, ndipo sanakwatirenso. Mu 1718 anamchotsa pa udindo wake ali nkhalamba. Anamwalira mu 1723 ali ndi zaka 90, naikidwa m'kati mwa St Paul's.

Makina otolera zithunzi anafika mu 1839, Wren atagona m'manda zaka zoposa 100. Pamenepo nyumba zake zina zinali zitagwetsedwa kale. St Christopher le Stocks anaipasula kuti akuze banki, St Michael Crooked Lane kuti apititse mseu wa ku mlatho. Ofunafuna zithunzi za izi adzangotopa. Adzapeza zolembedwa ndi dzanja zokha.

Zotsalazo mdani wake woyamba sanali moto. Njanji zitafika, anthu anasamuka m'kati mwa mzinda nakamanga kunja, nabwera m'mawa ku ntchito ndi kubwerera madzulo. Mu 1851 okhala m'katimo anali oposa 120,000; pofika 1901 sanakwane 30,000. Belu linkalira pa Sabata, koma olowa anali owerengeka. Mu 1860 anapanga lamulo lolola kuphatikiza mipingo ndi kugulitsa malo a matchalitchi opanda anthu, ndipo ambiri anagwetsedwa.

Christ Church inalimba nthawi chifukwa cha ana. Pafupi pake panali sukulu ya Christ's Hospital, ndipo anyamata ake mazanamazana ankadzaza mipando ya m'mwamba, yokwerako ndi makwerero. Mu 1902 sukuluyo inasamukira ku Horsham, mipandoyo nikhala yopanda anthu. Usiku wa pa 29 Disembala 1940 ndege za Ajeremani zinaponya mabomba a moto pa London, ndipo matchalitchi 8 a Wren anapsa, Christ Church pamodzi. St Paul's inapulumuka. Chithunzi chake chili pakati pa utsi, chotola Herbert Mason usiku womwewo, chidziwika pa dziko lonse. M'chaka chotsatira anakhazikitsa bungwe la National Buildings Record lotola zithunzi za nyumba zakale zisanapse, koma kwa Christ Church kunali kuchedwa.

Nkhondo itatha matchalitchi ena anawakonzanso. Christ Church anaisiya, popeza inalibe mpingo woilirira, ndipo mu 1949 dera lake analiphatikiza ndi la St Sepulchre. Chipupa cha kum'mawa anachigwetsa mu 1974 pokuza mseu. Zithunzi zimene zinatoledwa moto usanafike zionetsa nsanamira, mazenera aakulu aja, ndi mipando ya anyamata. Mu 1989 anabzala munda m'bwinjamo motsata makhalidwe akale: maluwa ali paja panali mipando, njira ili paja panali njira, ndipo paja panaima nsanamira anaimikapo mitengo yoyangapo maluwa.